Kumanga modelo ya Septizodium kuchokera pa zojambula zakale: mmene ntchito ikuyendera

Ndayamba kumanga modelo yamatabwa ya Septizodium, chikhoma chachikulu chokongoletsa chomwe mfumu Septimius Severus anamangitsa ku Roma mu 203, m'munsi mwa phiri la Palatine pafupi ndi Circus Maximus, moyang'ana komwe msewu wa Via Appia umalowera mu mzinda. Sinali nyumba yoti munthu agonemo ayi, kunali kutsogolo kokhakokha, nsanjika zitatu za nsanamira zosanjana, basi. Severus yo kwawo kunali ku Leptis Magna, ku Libya ya masiku ano, ndipo buku lina lakale la mbiri ya mafumu a Roma limati anachiika pamenepo dala kuti anthu ochokera ku Africa akamalowa mu mzinda aziyamba kuona chimenecho.

Pamalopo lero palibe chomwe chaima. Chidutswa chomaliza anachigwetsa mu 1588 ndi 1589 Papa Sixtus V atalamula, ndipo amene ankayang'anira ntchito yogwetsayo ndi Domenico Fontana. Miyala yake anakamangira zina, tsinde la chipilala cha pa Piazza del Popolo, ina kukonzera chipilala cha Marcus Aurelius, ina ili mu tchalitchi cha Santa Maria Maggiore. Kamera inali isanabwere, nde chomwe tatsala nacho ndi zomwe anthu anajambula pamanja, ndipo funso la ntchito yonseyi ndi loti zojambulazo ungazikhulupirire mpaka pati ukagwira sowo kuti udule thabwa.

11 Januwale, kutolera zithunzi

Ndakoka pa intaneti chithunzi chilichonse chakale chomwe ndachipeza, ndikukapirintitsa pa A3 (K9,000), kuwonjezapo mapepala a tracing a K4,000. Zofunika kwambiri ndi izi: za Maarten van Heemskerck wa ku Holland yemwe anafika ku Roma mu 1532 n'kukhalako zaka zingapo akungojambula mabwinja, cha Giuliano da Sangallo wa ku Florence yemwe anali katswiri wa zomangamanga, chodinda chomwe Antonio Lafreri anatulutsa mu 1546, ndi cha Étienne Dupérac wa ku France cha mu 1575. Kupatula apo pali mulu wa zina zodinda zomwe poyamba ndimasangalala nazo kuti eeh umboni wachuluka.

Nditaziyala pansi pabalaza ndi pomwe zinayamba kukayikitsa. Ndinatenga tracing n'kutsata mizere ya chithunzi cha Dupérac, kenako n'kuyika pepalalo pamwamba pa cha Aegidius Sadeler cha mu 1606, kungochepetsa kukula kuti zifanane. Mbali yomwe wojambula waima ndi yomweyo, mthunzi wagwera komweko, zonse kugwirizana. Sadeler anadindira zake ku Prague, ndipo pofika 1606 chikhomacho chinali chitagwetsedwa zaka 17 zapitazo, nde sakanachiona chitaima, anangokopera kwa Dupérac. Nawonso mapuleti a Dupérac anapitirira kudindidwa mobwerezabwereza mpaka m'zaka za m'ma 1700, kotero ukhoza kupeza pepala lolembedwa chaka cha mtsogolo kwambiri likuonetsa chinthu choti chinatha kalekale. Zili ngati mlandu pabwalo la amfumu pomwe mboni zabwera khumi koma ukafunsitsa onse anamva kwa munthu mmodzi, mboni ndi imodzi yomweyo.

Nde ndagawa milu iwiri. Amene anaimadi patsogolo pa bwinjalo chisanafike chaka cha 1588 uku, okopera uko. Mulu wa okopera ndi waukulu kuposa winawo. Piranesi, yemwe aliyense amathamangira kwa iye nkhani ikakhala ya mabwinja a Roma, pano sakuthandiza chilichonse chifukwa anabadwa mu 1720.

25 Januwale, sikelo ndi mapu amwala

Ndasankha 1:100 kuti masamu asandivute. Akatswiri amati chikhomacho chinali chotalika mamita pakati pa 90 ndi 95 m'litali, msinkhu pafupifupi mamita 30, nde ine ndatenga 93, kutanthauza kuti modelo ikhala masentimita 93 ndi 30. Pulaiwudi ya 9mm yapansi K22,000, zidutswa za MDF (thabwa la utuchi wopanikizidwa) ya 3mm K12,000, guluu wa matabwa K8,500.

Apa ndi pomwe muyenera kumvetsa bwino. Palibe mmodzi mwa ojambula ndatchulawa yemwe anaona mamita 93 amenewo. Chomwe chinatsala nthawi yawo chinali kachigawo ka kumapeto kwa mbali ya kum'mawa kokha. Zina zonse zinagwa zaka mazana iwo asanabadwe. Mawonekedwe a pansi a chikhoma chonse amachokera pa chojambula china chakale kwambiri kuposa onsewa, mapu a mzinda wa Roma omwe anazokotedwa pa miyala ya mabo nthawi ya Severus yemweyo, pakati pa 203 ndi 211. Amawatchula Forma Urbis, anali a mamita 18 ndi 13, okhomedwa pakhoma m'kachisi wa Mtendere, pa sikelo ya 1:240. Anasweka, zomwe zatsala ndi tizidutswa topitirira 1,000 koma tonse pamodzi sitifika olo gawo limodzi mwa magawo asanu a mapu onse. Mwamwayi tizidutswa tina tikuonetsa mbali ya Septizodium, mphako zake zikuluzikulu zokhota ndi timadontho toimira nsanamira, ndipo kuchokera pamenepo ndi pomwe anthu amamalizitsa kuti mphakozo zinali zitatu.

Kuchoka pa 1:240 kupita pa 1:100 ndi kuchulukitsa ndi 2.4, zosavuta. Zinavuta ndi ku shopu ya fotokope. Ndinawauza kuti akuze ndi 240%, iwo makina awo anali pa setting ija yongokwanitsa chithunzi papepala, nde pepala lililonse linatuluka ndi kukula kwakekwake, ndikamalumikiza mizere sikukumana. Ndinabwerera ndi mzere wa masentimita 10 wojambulidwa pakona pa fayilo iliyonse, ndikuima pompo ndi rula kuyeza pepala lililonse likamatuluka. K6,000 ina yapita. Aliyense amene akupanga zotere ajambule kamzere kameneko kaye, musadalire zomwe makina akunena.

Chinthu china chosangalatsa pa mapu amwalawa. Tizidutswa tambiri tinapezeka mu 1562, anthu anatijambula papepala nthawi yomweyo, mapepalawo ali ku Vatican, kenako tina mwa tizidutswato tinasowanso moti lero timadziwika ndi zojambulazo zokha. Koma poti tina tilipobe, akatswiri anatha kuyerekeza pepala ndi mwala, n'kupeza kuti okoperawo ankatsata bwino ndithu ngakhale apa ndi apo ankawongola mzere kapena kudumpha kanthu. Njira imeneyi ndaikonda, yoyesa wojambula pa chinthu chomwe chilipobe, ndiigwiritsa ntchito kutsogoloku.

8 Febuluwale, kumanja kapena kumanzere

Ndinadula makoma a kachigawo kakum'mawa kaja potsata chodinda china chooneka bwino kwambiri, mizere yake yakuthwa. Pobwera kudzakaika pa pulani yapansi, kakukana, kona yomwe imayenera kutulukira kuno ikutulukira uko. Chodindacho ndi chotembenuka.

Zimachitika chonchi. Wozokota amajambula pa puleti ya kopa, akadinda papepala chithunzi chimatuluka chotembenuka, za kumanja zili kumanzere. Wosamala amayamba watembenuza pa puletipo kuti papepala zidzatuluke zolondola. Wokopera waulesi amangotenga pepala la mnzake n'kulizokota momwe lilili, lake limatuluka lotembenuka, ndipo wina akadzakopera kwa iyeyo mwaulesi womwewo chimabwereranso mwakale. Nde sungadziwe pongoyang'ana chikhomacho. Kuwonjezera apo masamba ena a pa intaneti nawonso amatembenuza zithunzi osanena.

Chothandiza ndi kuyang'ana kumbuyo kwa chithunzi osati chikhomacho. Kukakhala zipupa zazikulu za nyumba yachifumu pa Palatine, kapena Colosseum ikuonekera patali, tsegulani Google Maps muone ngati munthu ataima pamenepo zinthuzo zingakhale mbali imeneyo. Zomwe zilibe chilichonse kumbuyo ndazichotsa pa nkhani ya mbali. MDF ndikanangoitembenuza koma ndinali nditalemba kale mizere ya miyala ndi mpeni mbali imodzi, nde ndadula ina pa zidutswa zomwe zinatsala.

22 Febuluwale, bolodi lapindika

Mvula ya mwezi uno yapinditsa pulaiwudi yapansi, pakati padzuka moti rula ukaigoneka ikugwedera. Ndinapita nayo kwa kalipentala wina wachikulire wa kufupi kuno, anangoiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mwapaka mbali imodzi yokha eti? Thabwa limamwa chinyontho kumene simunapake." Ndinati nanga tiwongole bwanji bambo, iwo amvekere musavutike nayo, tengani blockboard mupake vanishi mbali zonse ndi m'mbali momwe musanamatepo kanthu. Blockboard K30,000, vanishi K10,000. Anandikhomeranso timatabwa tiwiri kunsi mopingasa. Sabata yonse yapita podikira kuti ziume.

8 Malichi, kuyesa ojambulawo

Podikira bolodi ndinachita mayeso aja. Anthu omwewa anajambulanso zinthu zomwe zilipobe mpaka pano, ndipo chabwino kwambiri kuyesera ndi chipata cha Septimius Severus cha ku Forum, bwalo lalikulu la pakati pa Roma wakale, chomangidwa chaka chomwecho cha 203, mamita pafupifupi 23 msinkhu ndi 25 m'lifupi. Chili ndi khomo lalikulu pakati ndi ang'onoang'ono awiri m'mbali.

Ukaona chipatachi pa zojambula za m'ma 1500 chimaoneka chachifupi chonenepa, makomo a m'mbali aja atatsala pang'ono kutsekeka, pamwamba pali kansanja komwe Aroma akale sanamange. Munthu ungati wojambulayo samatha ntchito, koma ayi, anajambula zomwe ankaona. Dothi ndi zinyalala za zaka mazanamazana zinali zitakwirira Forum mamita angapo, malowo atasanduka kodyetsera ng'ombe mpaka kumatchedwa Campo Vaccino, ndipo chipatachi anadzachifukula mpaka pansi mu 1803. Kutanthauza kuti mzere wa dothi pa chojambula cha 1575 si mzere wa dothi wa mu 203. Pa Septizodium ndi chimodzimodzi, pansi pake pa zithunzi pali milu ya dothi ndi zitsamba, nde ukayeza nsanjika yoyamba kuchokera pomwe udzu wayambira upeza yaifupi, tsinde lomwe nsanamira zinakhalapo lina lili m'dothi.

Chachiwiri, zithunzi za Heemskerck ndi Dupérac si zoyika rula. Munthu waima pansi akuyang'ana m'mwamba, nsanjika yachitatu ioneka yaifupi kuposa mmene ilili, ndipo akaima chapakona nsanamira zina zimabisala kuseri kwa zinzake moti kuwerenga kwake kumasokoneza, pepala ili upeza nambala ina pepala ilo ina. Heemskerck dzanja lake ndi labwino zedi, mng'alu uliwonse, mwala wothothoka, kamtengo komera pamwamba, zonse zilipo, koma ankajambula ndi diso, osati ndi chingwe choyezera. Komanso m'mabuku a zojambula zake omwe ali ku Berlin muli mapepala ena omwe akatswiri anadzazindikira kuti ndi a anthu ena, nde dzina lolembedwa pansi pa chithunzi pa intaneti nalonso ndi lofunika kulifufuza.

Sangallo ndi wosiyana. Iye amajambula molunjika kutsogolo, mizere yowongoka, miyeso n'kulembapo. Vuto la akatswiri a zomangamanga a nthawi imeneyo ndi loti ankafuna kuphunzira mmene Aroma ankamangira, osati kusunga mbiri ya bwinja, nde pomwe pathyoka amamalizitsa, pomwe pasowa nsanamira amaikapo, ndipo sakuuza kuti ichi ndaona ichi ndaganiza. Pepala limaoneka laukhondo lodalirika chifukwa chomwecho chomwe likuyenera kukukayikitsa.

Ndiye pali gulu lachitatu, ojambula mzinda wonse mmene ankaganizira kuti unalili kale. Pirro Ligorio anatulutsa mapu otere mu 1561, nyumba iliyonse ili yathunthu ndi denga lomwe, ndipo Ligorio yemweyu amadziwika kuti anapeka zolembedwa pamiyala zambirimbiri zomwe akatswiri anadzaziika mu gulu la zabodza. Koma musafulumire kugawa anthu kuti uyu ndi woona uyu ndi wabodza, chifukwa Dupérac yemwe ndikumudalira pa bwinjali anatulutsanso mapu ake a Roma wakale womalizitsidwa m'mutu mu 1574, chaka chimodzi asanatulutse zithunzi za mabwinja. Munthu mmodzi, ntchito ziwiri. Funso ndi loti pepala ili analijambulira chiyani.

Nde ndagawa ntchito motere: mmene bwinja linkaonekera ndi zomwe zinamatidwapo ndifunsa Heemskerck ndi Dupérac, kutalika kwa nsanjika ndi nsanamira ndifunsa oyeza, mawonekedwe a pansi ndifunsa mapu amwala ndi zomwe anapeza ofukula. Pomwe awiri osakoperana agwirizana ndidula thabwa. Pomwe sakugwirizana ndimata ndi tepi kaye.

22 Malichi, manambala opanda dzina

Tsiku lonse la Loweruka linathera pa masamu. Miyeso ya pa mapepala akalewa si ya mamita, mita inabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Wa ku Florence amayeza ndi braccio, masentimita 58.4. Wa ku Roma amayeza ndi palmo, masentimita 22.3. Aroma akale enieniwo phazi lawo linali masentimita 29.6, ndipo Palladio, katswiri wa zomangamanga wa ku Italy wa m'ma 1500, ankagwiritsa phazi la kwawo ku Vicenza la masentimita 35.7. Pepala lina limangolemba nambala osanena kuti ndi ya chiyani, ndipo ukasokoneza braccio ndi palmo nsanamira yako italika kapena kufupika kuposa kawiri ndi theka.

Chosokoneza kwambiri ndi timiyeso ting'onoting'ono. Palmo amaigawa timagawo 60 totchedwa minuti, ena braccio amaigawanso timagawo 60 ndi dzina lomwelo, nde kamodzi kakhoza kukhala mamilimita osakwana 4 kapena pafupifupi sentimita yathunthu. Chomwe chandipulumutsa ndi chakuti nsanamira ya mtundu wa Corinth, ija ya masamba kumutu, kutalika kwake kumakhala pafupifupi ka 10 kunenepa kwake. Ndikasintha manambala n'kupeza nsanamira yoonda mopusa kapena yonenepa mopusa ndimadziwa kuti ndatenga muyeso wolakwika, ndiyesa winawo.

Ndipo olo manambala akhale ndi dzina, si kuti ndi olondola. Antoine Desgodetz atatulutsa miyeso yake yosamala ya mabwinja a Roma mu 1682 anaonetsa malo ambiri pomwe Palladio ndi katswiri wina wa zomangamanga Serlio anaphonya. Tsoka lake iye anafika Septizodium itapita kale, nde palibe amene anabwerezanso kuyeza kuti atikonzere.

5 Epulo, nsanamira

Madawelo K15,000, a 8mm nsanjika yapansi, 6mm yapakati, yapamwamba ndapala a 6mm omwewo ndi sandipepa mpaka 5. Kupala kwake ndimamanga dawelo pa drill n'kuizungulitsa nditagwira sandipepa, zimathamanga bola magetsi alipo, ndipo sabata ino athimathima moti zambiri ndapala pamanja. Madala akalipentala aja anandidulira zonse mofanana pa makina awo ndi kundiboolera timabowo pa bolodi, ndawapatsa K20,000 pamodzi ndi ntchito ya Febuluwale ija.

Mitu ya nsanamira ndi yomwe yandidyera nthawi. Kamutu kamodzi ndi kosakwana sentimita, ndipo tikufunika tambirimbiri. Ndinasema kamodzi pa sopo wouma ndi nsonga ya singano, mizere iwiri ya timasamba ndi kambale kapamwamba, kenako ndikupanga chikombole ndi silikoni wa ku bafa uja wonunkha viniga (K11,000) wosakaniza ndi ufa wosalala wa chinangwa mpaka akhale wokandika. Amauma msanga ndipo amatenga kamzere kalikonse. Chikombole chinatuluka bwino. Pulasitala (K7,000) ndi amene anakana, pa kukula kumeneku timakona timathothoka pochotsa, ukagwira ndi chala kamutu kamasanduka fumbi. Ndasinthira ku Pratley Putty, mapaketi awiri K26,000, kukanda kachidutswa, kukanikizira m'chikombole chopakidwa Vaseline pang'ono, kudikira. Ndi yodula koma ikauma ndi mwala.

Apa ndanama pang'ono ndipo ndikudziwa. Timitu tanga tonse ndi tofanana chifukwa tachokera m'chikombole chimodzi, pomwe chojambula cha patali sichingakuuze ngati mitu yeniyeniyo inali yofanana. Wozokota puleti nayenso ankachita zomwe ndachita inezi, kujambula umodzi bwinobwino n'kubwereza.

19 Epulo, nsanjika zingati, nanga pamwamba pali chiyani

Mnzanga wina ataona chithunzi cha modelo pa WhatsApp anafunsa kuti bwanji nsanjika zili zitatu pomwe iye anaona chithunzi chakale cha nsanjika 7. Zithunzi zimenezo zilipodi, chinsanja chocheperachepera kumka kumwamba. Zinabadwa chifukwa dzinali lili ndi 7 mkati mwake (septem m'Chilatini ndi 7), nde ojambula ena anangowerenga dzina n'kusanja nsanjika mpaka zikwane. Onse amene anaima patsogolo pa bwinjalo anajambula zitatu. Akatswiri ambiri amati 7 yo ndi ya milungu ya dzuwa, mwezi ndi mapulaneti asanu, ndipo ku Cincari ku Tunisia anafukula kachinthu ka dzina lomweli kokhala ndi mphako 7 za ziboliboli, osati nsanjika.

Chovuta chenicheni ndi zomwe zili pa bwinjalo koma si za Aroma akale. M'zaka zapakati malowa anasanduka linga, a banja la Frangipani ankalilamulira, ndipo mu 1241 ndi momwe anatsekera makadinala kuti asankhe papa, m'nyumba yodontha yotentha moti kadinala wa ku England Robert of Somercotes anafera momwemo asanasankhe Celestine IV. Nde chinthu chomwe Heemskerck anajambula chinali chitaima zaka zoposa 1,300 n'kugwiranso ntchito zina, makoma owonjezera, mabowo otsekedwa, ena obooledwa. Iye sanalakwe kuzijambula, zinalipo. Koma ndikaziika pa modelo ya mu 203 ndiye kuti ndamangira Severus linga la anthu ena. Lafreri mbali inayi chithunzi chake ndi chosesedwa bwino, ndipo posesapo sukudziwa kuti anachotsa za m'zaka zapakati zokha kapena anakokolola ndi zakale zomwe.

Pamwamba penipeni ndangoika lamba wamwala wosalala. Ziboliboli zomwe mumaona pa zithunzi za pakompyuta ndi zoganizira, ndipo zithunzi zambiri zoterozo mukazitsata zimabwerera ku modelo yaikulu ya Roma yomwe Italo Gismondi anayamba m'ma 1930 pa sikelo ya 1:250, kapena ku zomwe Christian Hülsen anajambula mu 1886. Kukoperana kuja sikunathe ndi Sadeler.

Za madzi ndi nkhani ina. Palibe chojambula cha m'ma 1500 chomwe ndili nacho chikuonetsa madzi, koma wolemba mbiri Ammianus Marcellinus polemba m'zaka za m'ma 300 anachitchula kuti ndi nyumba ya kasupe, ndipo ofukula a m'ma 1980 anapeza maziko ndi zizindikiro zoti kutsogolo kunali dziwe. Ojambulawo sanaone madzi chifukwa mipope inafa kalekale ndipo dziwelo linali pansi pa dothi. Dziwe ndaliika, kachidutswa ka pulasitiki koonekera kochokera pa paketi ya malaya, ulele.

10 Meyi, penti

Zojambula zonse ndi za inki kapena zodinda zakuda, mtundu mulibe. Zolemba za nthawiyo zimati nsanamira zinali za miyala yosiyanasiyana, ina granite ina mabo amitundumitundu, koma kuti iyi inali apa iyo apo, pepala silinena. Ndinayesa kupaka mitundu yosakaniza pa nsanamira zingapo, zinaoneka zokongola kwambiri moti munthu akhoza kukhulupirira kuti ndikudziwa, nde ndinapalanso.

Njira ndabwereka kwa Giuseppe Valadier. Chipata cha Titus nachonso chinamizidwa mu linga la a Frangipani, pa zojambula zakale chimaoneka chapakati chokha chitapanikizidwa ndi makoma. Valadier pochikonza cha m'ma 1821 mbali zomwe zinasowa anazimanga ndi mwala wina wotchedwa travertine osati mabo, nsanamira zatsopanozo n'kuzisiya zosalala zopanda mizere, kuti woyang'anitsitsa aone pomwe chakale chathera. Ine ndachita motere: kachigawo kakum'mawa komwe anthu anakaona ndi maso n'kukajambula ndapaka penti woyera motuwira, ndi mizere ya miyala yomwe. Gawo lomwe likuchokera pa mapu amwala ndi maziko ndapaka pansi pokha, zomwe zaima pamwamba pake ndasiya thabwa ndi vanishi. Zomwe ndangomalizitsa poganiza kuti mbali iyi inkafanana ndi inayo ndapaka wotuwa wosawala. Penti yense K18,000.

Zitauma ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione, ndipo choyera chija ndi kachigawo kochepa kumapeto, modelo yonse yotsalayo ndi thabwa ndi zotuwa. Mwana wa achemwali anga anafunsa ngati penti anandithera.

Mawu omwe analembedwa pa lamba wa nsanjika yoyamba nawo ali ndi nkhani yofanana. Chiyambi chake chinakoperedwa ndi mlendo wina wosadziwika dzina cha m'ma 800, zolemba zake zikusungidwa ku Einsiedeln ku Switzerland, nthawi imeneyo mbali imeneyo idakaima. Mapeto ake ndi omwe anawerenga a m'ma 1500. Palibe amene anatisiyira mzere wonse, pakati amadzazapo ndi maudindo a mfumu omwe amadziwika kuchokera pa miyala ina. Ndapirinta timalemba pa pepala lopyapyala, zomwe zinawerengedwa ndi anthu zakuda, zodzazidwa zotuwa. Guluu wa matabwa anakwinyitsa pepala loyamba, ndinamata lachiwiri ndi guluu wa ndodo uja wa ana asukulu ndipo lagona bwino.

24 Meyi, pomwe tafika

Zonse pamodzi K198,500, osawerengera mabandulo a intaneti, ndipo pulaiwudi yopindika ija pano ikutchinga khola la nkhuku (mtengo wake uli momwemo, ntchito yake ndi yomwe yasintha). Ndikanayamba ndi blockboard ndi putty pompo ndikanasunga K29,000.

Nsanamira za nsanjika yachitatu ya mbali yotuwa sindinamate, zangolowetsedwa m'timabowo, chifukwa kutalika kwake ndikufuna ndiyerekezenso ndi nyumba za akasupe zomwe mabwinja ake alipo ku Side ndi ku Miletus ku Turkey, mwina ndizifupikitsa ndi mamilimita awiri kapena atatu. Mphako yapakati ili ndi katsinde kopanda chiboliboli. Madala aja akuti bokosi lonyamulira apanga ndi K25,000 ngati matabwa ndibweretsa ndekha, ndipo akufuna ndiwapatse miyeso Lolemba, nde mawa ndiyeza ndi dziwe lomwe chifukwa latulukira kutsogolo masentimita angapo kuposa mmene ndinawauzira poyamba.